Johannes Badrutt, Munthu Amene Anagulitsa Chisanu

Anthu a ku Namitete ndi ku Nsaru amati kwazizira mwezi wa June ukafika. Komatu chisanu chathuchi n'chochepa poyerekeza ndi cha kumapiri a Alps m'dziko la Switzerland, kumene madzi a m'nyanja amauma gwa ngati mwala, ndipo chipale chofewa chimakwirira minda ndi misewu kwa miyezi ingapo. Kumeneko, m'mudzi wa Samedan, m'chigwa cha Engadin, n'kumene Johannes Badrutt anabadwira m'chaka cha 1819.

Pafupi ndi kwawoko panali mudzi wa St. Moritz, umene uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800. Mudziwu unkadziwika chifukwa cha akasupe amene anthu ankakhulupirira kuti madzi ake amachiza. M'zaka za m'ma 1850 Badrutt anagula kanyumba ka alendo kotchedwa Pension Faller, nakakuza kufikira kanasanduka hotela ya Kulm. Vuto lake linali lofanana ndi la mlimi wodalira mvula yokha: alendo ankabwera m'nyengo yofunda basi, ndipo kukayamba kuzizira onse ankathawa, zipinda n'kungokhala pululu.

Nkhani imene eni dera amasimba kufikira lero imati m'chaka cha 1864 Badrutt anapangana ndi alendo ake ochokera ku England kuti adzabwerenso m'nyengo yachisanu. Anawalonjeza kuti malowo akadzapanda kuwakomera, iye adzawabwezera ndalama zonse za ulendo. Alendowo anafika cha pa Khirisimasi, ndipo sanachoke mpaka Pasaka. Ambiri amatama kulimba mtima kwake, koma bamboyu sankachita juga. Iye ankalidziwa dziko la kwawo: ngakhale kuzizire chotani, pamwamba pa mapiripo dzuwa limawala masiku ochuluka, pamene London ya nthawi imeneyo inkaphimbidwa ndi nkhungu ndi utsi wa malasha.

Mlendo akakhala miyezi amafuna chochita. Angerezi aja anayamba kupikisana kutsetsereka pamadzi oumawo atakwera pa timatabwa, ndipo pofika 1885 anali atakonza njira yotchuka ya Cresta Run. Naye mwini hotela sanagone. Ataona nyale za magetsi pa chionetsero cha ku Paris mu 1878, chaka chotsatira anaziyatsa m'chipinda chodyera cha Kulm, zoyamba m'dziko lonse la Switzerland.

Badrutt anamwalira mu 1889, masewera a ski, otsetsereka paphiri munthu atamangirira matabwa awiri aatali kumapazi, asanazike mizu ku St. Moritz. Mwana wake Caspar anatsegula hotela ya Palace mu 1896. Mudzi uja umene kale unkatsekedwa chisanu chikafika unalandira mpikisano wa Olimpiki wa m'nyengo yachisanu kawiri, mu 1928 ndi mu 1948.