Henry Masauko Chipembere (1930–1975)

Malemu Henry Masauko Chipembere adabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, m'dera la Ntchisi. Bambo awo, a Habil Chipembere, anali mphunzitsi amene pambuyo pake adadzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican, ndipo banjali lidazika mizu ku Malindi, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Adaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, ndi ku Fort Hare ku South Africa.

Mu 1956, ali ndi zaka 25 zokha, adasiya ntchito ya m'boma la atsamunda nasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi a Kanyama Chiume. Kumeneko adadzudzula chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mopanda mantha. Poona kuti mafumu ndi akuluakulu sakadatsata achinyamata okhaokha, adalembera Dr. Hastings Kamuzu Banda kuwadandaulira kuti abwerere kudzatsogolera Nyasaland African Congress. A Banda adafika pa 6 Julayi 1958.

Ufulu adaugula ndi ndende. Mu Malichi 1959 adamangidwa natsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi a Banda. Atangomasulidwa mu 1960, adamangidwanso pa mlandu wa zolankhula zawo, ndipo adatuluka mu Januwale 1963. Adakhala nduna ya maboma aang'ono, kenaka ya maphunziro.

Mu Seputembala 1964 ali ku Canada ku msonkhano wa zamaphunziro, a Banda adachotsa nduna zomwe zidatsutsa zolipiritsa tiki m'zipatala, kuchedwa kukweza Amalawi pa ntchito za boma, ndi ubale ndi Apwitikizi. Atabwerako, a Chipembere adatula pansi udindo kuti aime ndi anzawo. Mu Febuluwale 1965 adatsogolera gulu lomwe lidalanda boma la Fort Johnston, koma ulendo wa ku Zomba udathera pa Liwonde, poti pantoni yowolotsa pa Shire inali tsidya lina.

Adathawira ku America, naphunzitsako pa koleji ya Kivukoni ku Tanzania, kenaka ku Los Angeles, kumene matenda a shuga adawatenga pa 24 Seputembala 1975, osaonanso kwawo. Mayi Catherine Chipembere adabwerera mu 1994 nasankhidwa kukhala phungu ku Mangochi. Lero msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe umatchedwa dzina la Chipembere. Mzimu wawo uuse mumtendere.