Levi Mumba, Mkhristu Amene Adalankhulira Ana Onse

Ŵerengani: Yakobo 2:1-9

Aphunzitsi, m'kalasi mwanu muli ana a akapitawo ndi akalaliki, mulinso ana a anthu othyola tiyi m'maesiteti a kuno ku Thyolo. Mbiri iyi ikuthandizeni kuwaona onse mofanana.

Bambo Levi Zililo Mumba adali Mngoni wa kumpoto kwa dziko lino. Adaphunzira ku Livingstonia, pa sukulu ya Overtoun, m'masiku a Dr. Robert Laws. Mwayi wotere udali wa anthu ochepa, ndipo iwo sadaiŵale anzawo otsala kumudzi.

Masiku amenewo sukulu zinkayendetsedwa ndi mamishoni. Anthu akuda ankakhoma msonkho wa nyumba chaka ndi chaka, koma Boma la Atsamunda lidayamba kuthandiza sukulu mu 1907, ndi mapaundi 1,000 okha pa chaka, ogaŵana mamishoni a dziko lonse. Ofesi ya Boma yoona za maphunziro idatsegulidwa mu 1926. Ana ambiri ankalekezera pa sukulu ya kumudzi, ndipo kuno ku minda ya Azungu, kumene kudali thangata, ambiri ankakulira pa ntchito.

Bambo Mumba adaona kuti izi sizidali chilungamo. Ngati mphaŵi akhoma msonkho, mwana wake ayenera kuona phindu la msonkhowo. Mu 1912 adakhala mlembi wa bungwe la North Nyasa Native Association. Zida zawo zidali cholembera ndi misonkhano. Adalembera Boma mosatopa, kupempha kuti liwonjezere ndalama za sukulu ndi kutsegula maphunziro apamwamba. Mu 1933 adasankhidwa kuloŵa m'komiti yolangiza Boma pa za maphunziro. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, idadza mu 1940. Mu 1944 adakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress, koma adamwalira mu Januwale 1945, zipatso zambiri asadazione.

Sukulu ya pulayimale yaulere idayamba mu 1994, patapita zaka pafupifupi 50. Komabe mwana wopanda kope, kapena amene walera mng'ono wake pamene mayi ali ku tiyi, angathe kutsalira ngakhale chitseko chili chotsegula.

Tsono, aphunzitsi, yambani ndi kalasi lanu. Mwana wa usiŵa musamkhazike kumbuyo. Mpatseni naye ndime yoti aŵerenge. Funsani amene sakupita ku sukulu pakati pa sabata, ndipo mudziŵitse mkulu wa mpingo wa dera lake kuti akacheze ndi makolo. Pa msonkhano wa komiti ya sukulu, musaope kufunsa mmene ndalama zagaŵidwira.

Mafunso kwa ana:
1. Kodi Bambo Mumba adapempha chiyani kwa Boma?
2. Kodi Yakobo akutichenjeza za tchimo lanji?
3. Ndani mnzako amene adasiya sukulu, ndipo ungamthandize bwanji?

Tsekani ndi pemphero, kupempherera ana onse a m'maesiteti.