John Kirk ndi Mbalame za m'Chigwa cha Shire

M'mwezi wa January, chaka cha 1859, anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Shire anaona chombo chofuka utsi chilikukwera mtsinje. Dzina lake linali Ma Robert. Chinapitirira pamalo pamene lero pali Nsanje, ndipo m'katimo munali David Livingstone ndi mnyamata wina wa zaka 26, sing'anga, dzina lake John Kirk.

Kirk anabadwa m'chaka cha 1832 ku Barry, m'dziko la Scotland, naphunzira za mankhwala ku Edinburgh. Pa ulendowo anapatsidwa ntchito ziwiri: kuchiza odwala, ndi kufufuza mitengo ndi zomera za dziko lino. Koma maso ake sanalekerere mbalame.

Kumtunda kwa Chiromo mtsinje umamwazika m'dambo lalikulu la mabango ndi matamanda. Alendowo anaona njovu zambirimbiri m'menemo, nalitcha Elephant Marsh. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame zilipobe: nkhwazi yolira pamwamba, akakowa oyera mbee, chimeza woima chilili m'madzi kudikira nsomba, atsekwe, ndi mavuwo a milomo ya thumba. Msodzi aliyense wa kumeneko anali kuzidziwa kale ndi maina ake. Chimene Kirk anaonjeza ndicho kulemba. Anali kupenyetsetsa chimene mbalame imadya ndi kumene imakhala, nazilemba m'buku. Zina anaziwombera, nasenda zikopa zake mosamala, pakuti masiku amenewo ndimo m'mene ophunzira anali kuchitira.

M'chaka cha 1860 tsoka linamgwera. Potsika Zambezi pa mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, bwato lake linagunda thanthwe niligubuduka. Iye anapulumuka pang'onong'ono, koma mabuku ake ndi zithunzi zimene anajambula ndi dzanja zinapita ndi madzi. Taganizani mlimi amene nkhokwe yake yapsa atangotha kukolola! Koma Kirk anatenga mapepala ena nayambanso.

Kamwazi anamfooketsa, ndipo anachoka m'chaka cha 1863. Chaka chotsatira anasindikiza nkhani ya mbalame za chigawo cha Zambezi m'magazini ya Ibis, ndipo mwa njira imeneyi a maiko akutali anamva za mbalame za m'Shire.

Pa maulendo aja Kirk anaonanso anthu omangidwa m'magoli, ndipo sanaiwale. Atakhala nduna ya Britain ku Zanzibar, anakakamiza Sultan Barghash m'chaka cha 1873 kutseka msika waukulu wa akapolo wa pachilumbapo.

Anamwalira ku Sevenoaks, ku Mangalande, m'chaka cha 1922, ali ndi zaka 89. Mapiri a Kirk Range, a ku Neno ndi Ntcheu, anatchedwa dzina lake. Dambo lija, m'chaka cha 2017, linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi.