Edwin Link: Mwana wa Wokonza Malimba Amene Anaphunzitsa Anthu Kuuluka Ali Pansi

Mawu Oyamba

Masiku ano pali anthu amene amayendetsa ndege ali m'chipinda chawo chogona. Amagula pulogalamu ya pakompyuta monga Microsoft Flight Simulator kapena X-Plane, ndodo yowongolera, komanso zopondera ziwiri zimene amaika pansi pa tebulo. Ena amachita izi pongosewera, ena pokonzekera sukulu ya zoulutsa ndege. Nzeru imeneyi, yoti munthu aphunzitse manja ndi mapazi ake kuuluka iye ali pansi, ili ndi munthu amene anaitchukitsa. Dzina lake ndi Edwin Albert Link, amene anabadwa m'chaka cha 1904 ndi kumwalira m'chaka cha 1981.

Ine kwathu ndi kwa Kabudula m'boma la Lilongwe, kumene ndege timangoziona zili m'mwamba. Koma zinthu ziwiri zimene a Link anayambira ntchito yawo si zachilendo kwa munthu wa kwathu. Choyamba ndi limba lopopa ndi mapazi, lija la m'matchalitchi akale a mishoni. Chachiwiri ndi mvukuto, wofanana ndi umene osula makasu amakolezera moto. N'chifukwa chake ndasankha kulemba mbiri ya bamboyu.

Ntchito ya Mapazi M'ndege

Kuti timvetse zimene a Link anachita, tiyambe taona chimene mapazi amachita m'ndege. Kumchira kwa ndege kuli chipsepse choimirira chimene mbali yake yakumbuyo imatembenukira kumanja kapena kumanzere. Mawu oyenera a chipangizochi tili nawo kale m'Chichewa: Buku Lopatulika, m'kalata ya Yakobo, limatchula chiwongolero cha ngalawa kuti tsigiro. Tsono tsigiro la ndege amaliwongolera ndi mapazi. Woyendetsa akaponda chopondera chakumanja, tsigiro limapita kumanja, mphepo imakankhira mchira kumanzere, ndipo mphuno ya ndege imaloza kumanja.

Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono koma ndi yovuta kuizolowera. Ndege ikamakhota m'mwamba, manja ndi amene amaipendeketsa, koma mphuno imafuna kuthawira mbali ina, ndipo phazi ndi limene limaibweza. Potera pamene mphepo ikuomba chopingasa, phazi ndi limene limalunjikitsa ndege pa msewu wake. M'ndege zambiri zing'onozing'ono zopondera zomwezo zimakhotetsa tayala lakutsogolo ndege ikamayenda pansi, ndipo nsonga zake ndi mabuleki. Zonsezi munthu sangazidziwe pongowerenga buku. Zili ngati kupalasa njinga: miyendo iyenera kuzolowera yokha mpaka izichita mutu usanaganize.

Ubwana Wawo

A Edwin Link anabadwa pa 26 July 1904 ku Huntington m'chigawo cha Indiana ku America. M'chaka cha 1910 banja lawo linasamukira ku Binghamton m'chigawo cha New York, kumene bambo awo ankayendetsa kampani ya Link Piano and Organ Company. Kampaniyi inkapanga malimba a m'nyumba zoonetsera kanema ndi mapiyano oimba okha. Zida zoterezi zimayendera mpweya. M'kati mwake mumakhala mivukuto, timapaipi ndi tizitseko ta mpweya totseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake.

Sukulu sinawakomere a Link, ndipo anaisiya asanamalize sekondale n'kuyamba kugwira ntchito m'fakitale ya bambo awo. Kumeneko anaphunzira mmene mpweya ungakankhire kapena kukokera chinthu pang'onopang'ono, mosagwedeza. Koma mtima wawo unali pa ndege. Vuto linali lakuti m'zaka za m'ma 1920 kuphunzira kuuluka kunali kodula kwambiri. Wophunzira ankalipira nthawi iliyonse imene ndege ili m'mwamba, ndipo aphunzitsi sankafulumira kumusiyira zowongolera poopa ngozi. A Link anayamba kumabwereka ndege ya mnzawo n'kumangoiyendetsa pansi pabwalo, kuti mapazi awo azolowere zopondera. Apa ndi pamene funso linawabwerera: kodi sangapange chinthu chochita ngati ndege koma chosachoka pansi?

Ndege Yosauluka

Anagwira ntchitoyi m'chipinda chapansi pa fakitale kwa chaka ndi theka, ndipo m'chaka cha 1929 makinawo anatha. Anali kandege kathabwa kamapiko afupiafupi, kokhazikika pa tsinde. Pansi pake panali mivukuto inayi ndi pampu yamagetsi yokoka mpweya. Wophunzira akakokera ndodo kumbuyo, mpweya unkachoka mu mvukuto wakumbuyo ndipo mphuno inkadzuka. Akapendeketsa ndodo, kandegeko kankapendekeka. Akaponda chopondera, tizitseko ta mpweya tinkatsegukira injini ina yoyendera mpweya, imene inkazunguliritsa kandege konseko mbali imene wapondayo. Boma la America linavomereza m'chaka cha 1931 kuti luso limeneli ndi lawo.

Komabe oyendetsa ndege sanachite nako chidwi. Ogula oyamba ambiri anali eni malo achisangalalo, amene ankakwezamo ana polipiritsa ndalama zachitsulo. Pa nthawi yomweyo chuma cha America chinagwa, malonda a malimba analowa pansi, ndipo kampani ya bambo awo inatsekedwa. A Link anatsegula kasukulu kawo ka zoulutsa ndege, n'kumapezanso ndalama poulutsa usiku ndege yokhala ndi magetsi otsatsa malonda kunsi kwa mapiko. M'chaka cha 1931 anakwatira Marion Clayton, mtolankhani amene anadzakhala mnzawo pa ntchito zonse.

Chifunga cha 1934

Chimene chinasintha zinthu ndi maliro. Mu February 1934 boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt linathetsa mapangano ndi makampani onyamula makalata pandege, n'kupereka ntchitoyo kwa asilikali. Asilikaliwo anazolowera kuuluka masana kunja kuli kowala, akuona nthaka. Tsopano anafunika kuuluka usiku, m'chifunga ndi m'nyengo yozizira. M'miyezi yochepa oposa 10 anafa pa ngozi.

Chifukwa chake chili m'thupi la munthu. M'kati mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timatiuza ngati taima chilili kapena tapendekeka. Timachubuti timagwira bwino ntchito maso akamathandiza. Koma mu mtambo, ndege ikakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi, khutu limanama kuti zonse zili bwino. Woyendetsa amene akukhulupirira thupi lake amatha kuzungulira mpaka kugunda pansi. Mankhwala ake ndi kuphunzira kukhulupirira mawotchi a m'ndege kuposa thupi, kuphatikizapo kampira kamene kamauza woyendetsa phazi loyenera kuponda. A Link anali ataika kale mawotchi otere m'makina awo, pamodzi ndi chivindikiro chotsekera wophunzira mu mdima.

Akuluakulu a asilikali anawaitana ku Newark kuti adzaone makinawo. Tsikulo kunagwa chifunga choti iwo anaganiza kuti mlendo wawo safika. A Link anatera bwinobwino pongodalira mawotchi. Chaka chomwecho asilikali anagula makina 6, pa mtengo wa madola pafupifupi 3,500 amodzi. Mayiko ena, kuphatikizapo Japan ndi Soviet Union, anagulanso m'zaka zotsatira.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapanga makina oposa 10,000, ena ku Binghamton, ena ku Gananoque m'dziko la Canada, ndipo anthu oposa 500,000 anaphunziramo. Chifukwa cha utoto wake ankawatchula dzina la Blue Box, kutanthauza bokosi labuluu. Mphunzitsi ankakhala pa desiki pambali, kumalankhula ndi wophunzira ngati pa wailesi, pamene kachipangizo ka matayala kankalemba ndi inki pa mapu njira imene wophunzirayo akanadutsa akanakhala m'mwamba. Makinawa anafikanso kuno kummwera kwa Africa, m'sukulu za ndege zimene Angerezi anatsegula ku Southern Rhodesia, m'zaka zomwe azigogo athu ambiri a ku Nyasaland ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Tisaiwalenso kuti luso silisankha mbali: makina omwe Japan inagula anaphunzitsa anthu a dziko limene pambuyo pake linamenyana ndi America.

Pansi pa Nyanja

M'chaka cha 1954 a Link anagulitsa kampani yawo kwa General Precision, n'kutembenukira ku nyanja. Ndi akazi awo anafufuza zombo zomira komanso mzinda wa Port Royal ku Jamaica, umene unamira pa chivomerezi cha 1692. Kenaka anayamba kupanga zipinda zoti munthu azikhalamo pansi pa madzi. M'chaka cha 1962 Robert Sténuit anakhala maola opitirira 24 pa kuya kwa mamita pafupifupi 60 m'nyanja ya Mediterranean, m'chipinda chimene a Link anapanga. M'chaka cha 1964 Sténuit ndi Jon Lindbergh anakhala masiku awiri pa kuya kwa mamita pafupifupi 130 ku Bahamas.

Tsoka linawagwera mu June 1973. Kasitima kapansi pa madzi kotchedwa Johnson Sea Link, kamene iwo anakonza, kanakodwa m'zingwe za chombo chomira pafupi ndi Key West ku Florida. Munali anthu anayi. Awiri anapulumuka, koma Albert Stover ndi Edwin Clayton Link, mwana wawo weniweni wa a Link, anafa. Munthu amene anapulumutsa ana a eni ambirimbiri m'mwamba anataya wake m'madzi. Sanaisiye ntchitoyo. Anapanga kachombo kopanda munthu, koyendetsedwa ndi chingwe, kokhala ndi kamera ndi zodulira, koti kazimasula sitima zokodwa. Anamwalira pa 7 September 1981 ku Binghamton. Chaka chotsatira, 1982, kampani ya Microsoft inatulutsa pulogalamu yake yoyamba yoyeserera kuulutsa ndege.

Mawu Omaliza

Chifunga chimene a Link analimbana nacho si cha ku America kokha. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali imene inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa kunja sikunkaoneka bwino, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu 9 anafa, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Pulezidenti Dr Saulos Chilima. Amalawi tikudziwa tsopano kuti nkhani ya mitambo ndi ndege ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Zopondera za pansi pa tebulo sizingasandutse munthu kukhala woyendetsa ndege, pakuti mpando wa kunyumba sugwedezeka ndipo mantha a m'mwamba mulibemo. Komabe mfundo yake ndi yomwe ija ya mu 1929: phazi lilakwitse kambirimbiri pamalo pamene kulakwitsa sikupha, kuti tsiku la mphepo lidzaponde molondola. Ine chimene chimandigwira mtima ndi gwero la nzeruyi. Sinachokere ku yunivesite, koma kwa mnyamata wosiya sukulu amene ankadziwa bwino mvukuto. Ndikaona amisiri a njinga ndi osula zitsulo pa Nsaru kapena pa Mpingu, sindiwayesanso anthu otsalira. Luso limene lili m'manja mwawo likhoza kukhala yankho la funso limene sitinalifunsebe.