William Bowman ndi Sefa ya M'impso

Ophunzira ambiri amaloŵeza dzina la Bowman pa mutu wa impso, koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti mwini dzinali anatchuka monga dokotala wa maso.

William Bowman anabadwa pa 20 Julaye 1816 ku Nantwich, m'dziko la England. Anayamba kuphunzira udokotala pa chipatala cha ku Birmingham, ndipo mu 1837 anapita ku King's College, mu mzinda wa London.

Kuyambira mu 1666, pamene Marcello Malpighi anaona timipukutu ta timitsempha ta magazi m'impso, palibe amene analongosola bwino m'mene timipukututi timalumikizirana ndi timachubu ta mkodzo. Mu 1842 Bowman, ali ndi zaka 25 zokha, anasonyeza kuti kachubu kalikonse kamayamba ngati kachikho kofungatira kampukutu. Bungwe la Royal Society linampatsa mendulo chaka chomwecho, ndipo kachikhoko kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Maso ake anaona zoona, koma kumasulira kwake kunapereŵera. Iye anaganiza kuti m'kachikhomo mumatsika madzi otsuka zonyansa zimene timachubu tatulutsa. Mjeremani Carl Ludwig, wobadwanso mu 1816, ndiye anati mphamvu ya magazi ndiyo imasefa. Amene anawolokapo Shire pa Liwonde, pochokera ku Balaka kupita ku Machinga, amadziŵa m'mene madzi amakwerera kumtunda kwa Kamuzu Barrage zitseko zikachepetsa njira. M'impso namonso mtsempha woloŵetsa magazi ndi waukulu kuposa wotulutsa. Motero magazi amapanikizika, ndipo madzi, mchere, shuga ndi yuriya zimadutsa m'timaboŵo ta khoma, pamene maselo a magazi ndi mapuloteni akuluakulu amatsalira. Impso iliyonse ili ndi timasefa totere pafupifupi miliyoni imodzi. Tsiku lililonse malita pafupifupi 180 amasefedwa, koma thupi limabwezanso ochuluka, mkodzo n'kungotsala lita imodzi ndi theka.

Umboni unachedwa. Unabwera mu 1924, pamene Joseph Wearn ndi Alfred Richards ku Philadelphia anatunga madzi m'kachikho ka impso ya chule ndi kuwapima, Bowman ndi Ludwig ali m'manda kalekale.

Bowman mwini wake sanakhalitse pa nkhani ya impso. Mu 1846 anayamba ntchito pa chipatala cha maso cha Moorfields, nakhala katswiri wa opaleshoni ya maso. Mfumukazi Victoria anampatsa ulemu wa Sir mu 1884. Anamwalira pa 29 Malichi 1892 kunyumba kwake pafupi ndi Dorking, ali ndi zaka 75.