Hans-Joachim Marseille, Nyenyezi ya ku Africa

Anzanga, tonse tidziwa khalidwe la mnyamata wopita kokasaka mbalame ndi legeni. Pobwera madzulo amati wapha khumi, koma mukamuuza kuti akhuthule thumba lake mupezamo zitatu zokha, ndipo zinazo akuti zinagwera m'tchire. Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Mchesi, ndinabwereka lamya ya achimwene anga n'kuwerenga mbiri ya msilikali wina wa ku Germany amene mbalame zake zinali ndege zokhala ndi anthu m'kati. Dzina lake ndi Hans-Joachim Marseille, ndipo anthu akwawo anamutcha Nyenyezi ya ku Africa. Ndifuna ndikuuzeni za moyo wake, ndiponso za mkangano umene ulipo pa chiwerengero cha ndege zimene anagwetsa.

Marseille anabadwira mumzinda wa Berlin pa 13 December 1919. Dzina lake n'lachifalansa pakuti makolo ake akale anathawa ku France chifukwa cha chizunzo cha chipembedzo. Atate ake anali msilikali, ndipo analekana ndi amayi ake iye akali mwana. Mu 1938 analowa gulu lankhondo la m'mlengalenga la Ajeremani lotchedwa Luftwaffe. Mu 1940 anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Angerezi pamwamba pa nyanja ya English Channel, ndipo anamulembera ndege 7, koma iyenso anawononga ndege zake zingapo. Anali mnyamata wosamvera, wokonda kuchezera usiku, kotero kuti mkulu wake, Johannes Steinhoff, anatopa naye namutumiza ku gulu lina lotchedwa JG 27. Gululi linapita ku Libya mu April 1941 kukathandiza asilikali a General Erwin Rommel.

M'chipululu ndimo mmene luso lake linaonekera, pakuti mkulu wake watsopano, Eduard Neumann, anamuleza mtima. Masiku amenewo ndege za Angerezi zikaona adani zinkazungulira bwalo, iliyonse kuteteza mchira wa inzake ya kutsogolo. Marseille ankagwera m'kati mwa bwalolo ndi ndege yake ya Messerschmitt Bf 109, imene inali ndi nambala 14 yachikasu, n'kuchepetsa liwiro, n'kuwombera zipolopolo zowerengeka patsogolo pa mdani kuti mdaniyo azipeze yekha. Aliyense amene analasapo njiwa ili kuuluka adziwa kuti sulunjika pamene ili, koma pamene ili kupita. Pa 3 June 1942, pafupi ndi Bir Hakeim, anakumana ndi ndege za gulu lachisanu la South Africa nanena kuti wagwetsa 6, ndipo mmodzi wa amene anafa tsikulo anali Captain Robin Pare. Pa 1 September 1942 anauluka maulendo atatu, ndipo anamulembera ndege 17 tsiku limodzi. Pomwalira chiwerengero chake chinali 158, ndipo 151 mwa zimenezi zinali za kumpoto kwa Africa.

Tsono funso ndi ili: anawerenga ndani? Lamulo la Ajeremani linali lakuti woyendetsa ndege alembe lipoti, apeze mboni, ndipo mapepalawo apite ku likulu kuti akavomerezedwe. Lamuloli lioneka labwino, koma mboniyo kawirikawiri inali mnzake amene nayenso anali kupulumutsa moyo wake pa nthawi yomweyo. Ndege ina inkatsika ikufuka utsi, anthu n'kuyesa kuti yagwa, pamene iyo inakafika kwawo n'kukonzedwa. Nthawi zina anthu awiri ankawombera ndege imodzi, aliyense n'kuiwerenga kuti ndi yake. Vuto limeneli silinali la Ajeremani okha ayi, pakuti Angerezi ndi Amereka nawonso ankawerenga mopitirira.

Nkhondo itatha, akatswiri a mbiri yakale anayamba ntchito yofuna kudekha, yoyerekeza malipoti a Ajeremani ndi mabuku a magulu a Angerezi, a Australia ndi a South Africa, mmene munalembedwa ndege iliyonse imene sinabwerere. Mngerezi Christopher Shores ndi Mjeremani Hans Ring anagwira ntchitoyi pamodzi natulutsa buku mu 1969. Pambuyo pake Russell Brown wa ku Australia anaonetsa kuti pa 15 September 1942, pamene Marseille yekha anati wagwetsa ndege 7 ndipo gulu lake lonse linati pafupifupi 20, mabuku a adani awo alemba ndege zosakwana ngakhale theka la chiwerengerocho. Komabe masiku ena ambiri mabuku a mbali ziwirizo agwirizana, ndipo maina a amene anafa kapena kugwidwa alipo. Chotero tinganene kuti Marseille anali katswiri ndithu, koma 158 ndi chiwerengero chimene ananena iye ndi anzake, osati chimene chinatsimikizika chonse. Akatswiri ena aonanso kuti ndege zambiri zimene anagwetsa zinali zazing'ono zomenyana, pamene ndege zoponya mabomba, zimene zinali kutha magalimoto ndi mafuta a Rommel, zinapitiriza ntchito yake.

Za mtima wake n'zovuta kuweruza. Mu September 1941 anagwetsa Pat Byers wa ku Australia, ndipo anauluka mwangozi pamwamba pa bwalo la adani kukagwetsa kalata yowadziwitsa kuti mnzawo wavulala. Byers atamwalira, anapitanso ndi kalata yachiwiri. Ankakonda nyimbo za jazi zimene boma la Hitler linkadana nazo. Anapalana ubwenzi ndi msilikali wakuda wa ku South Africa, wogwidwa pankhondo, amene Ajeremani ankamutcha Mathias, ngakhale kuti boma lawo linkaphunzitsa kuti munthu wakuda ndi wachabe. Koma tisaiwale kuti Marseille anamenyera nkhondo boma lomwelo, analandira mendulo kuchokera m'manja mwa Hitler, ndipo nyuzipepala za boma zinagwiritsa ntchito chithunzi chake pokopa anyamata ena.

Imfa yake sinabwere ndi chipolopolo cha mdani. Pa 30 September 1942, ali kubwerera ndi anzake, injini ya ndege yake yatsopano inayamba kufuka, ndipo utsi unadzaza pamene anakhala kotero kuti sanathe kuona. Atafika kudera la asilikali akwawo anatembenuza ndegeyo chagada nadumpha, koma anamenyetsa chifuwa pa mchira wake, ndipo parachuti yake sinatambasuke. Anagwera pafupi ndi Sidi Abdel Rahman m'dziko la Egypt, ali ndi zaka 22. Anamuika ku Derna, ndipo pambuyo pake mafupa ake anawasamutsira ku Tobruk. Patangopita milungu itatu nkhondo yaikulu ya El Alamein inayamba ndipo Rommel anagonja; mu May 1943 Ajeremani ndi Ataliyana onse otsala mu Africa anapereka zida. Mu 1989 anzake akale anamanganso chipilala pamene anagwera, koma mu 2021 boma la Germany linachotsa dzina lake pa msasa wa asilikali wa ku Appen.

Pa nkhondo yomweyo agogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya mbali inayo, ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Iwo panalibe wowajambula m'nyuzipepala tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a ife timangodutsa pa chipilala chowakumbukira ku Area 18 osaima. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikamva chiwerengero chachikulu, kaya m'buku, kaya pa wailesi, kaya pa lamya, tiyambe tafunsa amene anawerenga ndi mmene anawerengera, ndipo tikapeze buku la mbali inayo. Tikumbukirenso kuti kaya ndegezo zinali 158 kaya zocheperapo, mu iliyonse munali mwana wa munthu, ndipo ambiri a iwo sanabwerere kwa amayi awo.

Wophunzira wa Fomu 4, wa ku Mchesi