Sadi Carnot: katswiri amene kolera idamutenga ali ndi zaka 36

Madalaivala amene amakwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe amadziwa kuti galimoto ikalemedwa pachitunda, madzi a m'radiyeta amatha kuwira. Radiyeta ndi chimodzi mwa zipangizo zosamutsa kutentha, monga zomwe zili m'mafiriji ndi m'maboila a m'fakitale, ndipo gwero la nzeru zoyezera ntchito ya zipangizozi ndi mnyamata wa ku France, Sadi Carnot.

Carnot adabadwa pa 1 June 1796 mumzinda wa Paris. Bambo ake, Lazare Carnot, adali katswiri wa masamu komanso mkulu m'boma. Ali ndi zaka 16, mnyamatayu adalowa sukulu ya École Polytechnique ndipo pambuyo pake adakhala injiniya wa asilikali.

Chomwe chinkamusowetsa tulo n'chakuti injini za nthunzi za nthawiyo zinkadya malasha ochuluka koma ntchito yake n'kukhala yochepa. M'chaka cha 1824 adasindikiza kabuku kofotokoza chifukwa chake.

Iye adayerekeza kutentha ndi madzi akamagwa pamathithi, tinene ngati a Williams paphiri la Zomba: mphamvu imadalira kutalika kwa pomwe madziwo akugwera. Chimodzimodzi injini, ntchito yake imadalira kusiyana kwa mbali yotentha ndi yozizira, osati mtundu wa nthunzi kapena mpweya womwe uli m'kati. Mwa masamu a lero, injini yolandira kutentha pa madigiri 227 n'kutaya pa 27 singasandutse ntchito kuposa magawo 40 pa 100 alionse, ngakhale itapangidwa mwaluso chotani.

Adaonanso kuti kutentha kukangodumpha kuchoka pa chinthu chotentha kwambiri kupita pa chozizira kwambiri, mwayi wogwira ntchito umatayika. N'chifukwa chake m'mafakitale madzi otentha ndi ozizira amawayendetsa m'mapaipi moyang'anizana, ena kulowera uku ena uko, kuti kusiyanako kukhale kochepa njira yonse.

Zachisoni, kabukuko anthu sadakalabadire. Carnot adamwalira ndi kolera, nthenda yomwe Amalawi akuidziwa bwino, pa 24 August 1832, ndipo mapepala ake ambiri adatayika.

Émile Clapeyron ndiye adafukula ntchitoyi mu 1834, kenaka William Thomson ndi Rudolf Clausius adamangirapo. Zolemba zotsala adazitulutsa ndi mng'ono wake Hippolyte mu 1878, patatha zaka 46 mwini wake ali m'manda.